Anzanu akati "tiyeni tidutse malire mawa": zochita kuyambira Lachinayi usiku mpaka kubwerera

Maulendo otere sakhala pa pulogalamu. Lachinayi madzulo wina amangoponya uthenga pagulu la WhatsApp kuti wapeza matikiti a basi otchipa, mawa masana kulibe kalasi, bwanji tikagone dziko la tsidyali tidzabwere Lamlungu. Mphindi khumi zisanathe anthu anayi avomera kale. Inunso mtima uli dyokodyoko, ndipo palibe cholakwika. Kudzuka m'dziko lina n'kukadya nkhomaliro m'dziko linanso ndi mwayi womwe sudzapezekanso mosavuta sukulu ikatha.

Koma pagulupo si nonse muli ndi mapepala ofanana. Amene wayambitsa nkhaniyo mwina ndi nzika ya konko, amadutsa malire ndi kakhadi ka m'chikwama basi. Inu munabwera pa viza. Ndiye musanalembe kuti "ndili momwemo", dzifunseni funso lomwe iyeyo sangaliganizire n'komwe: kodi Lamlungu adzandilola kulowanso m'dziko lomwe ndikuphunzirali? Ulendo wonse muukonze mobwerera m'mbuyo kuchokera pa funso limeneli.

Choyamba: yalani mapepala pathebulo

Musadalire zomwe mukukumbukira. Tulutsani pasipoti, viza ndi khadi la chilolezo chokhalira m'dzikomo, muwerenge mmodzimmodzi. Onani tsiku lomwe chilichonse chikutha mphamvu. Onani kuti viza ikukulolani kulowa kangati: pa viza ya mayiko a Schengen (gulu la mayiko a ku Ulaya omwe anachotsa zipata m'malire awo) pamalembedwa 1, 2 kapena MULT, pomwe pa ya ku America chilembo M ndicho chimasonyeza kuti mutha kulowa kangapo. Viza yolowera kamodzi munaidya kale tsiku lomwe munatsika ndege. Mukatuluka m'dera lomwe imagwira ntchito, yatha, ngakhale tsiku lake likadali kutali. Kenako funso lina lapadera, lomwe ambiri amalisakaniza ndi loyambalo: dziko lomwe mukupitalo limalandira pasipoti ya kwanu popanda viza yakeyake? Kuloledwa kubwerera ndi nkhani ina, kuloledwa kulowa kumeneko ndi nkhani inanso, ndipo zonse ziwiri ziyenera kutheka.

Kwa amene akuphunzira ku Ulaya, zambiri zagona pa dzina la Schengen. Ndi kamudzi ka ku Luxembourg komwe mu 1985 mayiko asanu anasainirana pangano lochotsa zipata m'malire awo, ndipo panganolo linayamba kugwira ntchito mu 1995. Lero mayikowo ndi 29. Ngati muli ndi khadi lokhalira kapena viza ya nthawi yaitali, ija ya chilembo D, yochokera ku limodzi mwa mayikowa, mutha kuyenda m'mayiko enawo masiku osapitirira 90 pa masiku 180 aliwonse popanda kupempha viza ina. Wikendi imodzi ndi kachidutswa chabe ka masiku amenewo.

Msampha uli apa: Schengen ndi European Union si chinthu chimodzi. Switzerland, Norway, Iceland ndi Liechtenstein sali mu European Union koma ali mu Schengen, choncho khadi lanu likulowetsani. Ireland ndi Cyprus ali mu European Union koma sali mu Schengen. Britain sali mu European Union, salinso mu Schengen. Serbia, Bosnia, Albania, Montenegro, Turkey ndi Morocco, komwe matikiti otchipa amakonda kuloza, lililonse lili ndi malamulo ake. Ena amalandira munthu wokhala ndi khadi la Schengen, ena ayi, ndipo malamulowo amasintha. Yankho mulipeze pa tsamba la boma kapena la ofesi ya kazembe wa dzikolo, mutasankha dzina la dziko la pasipoti yanu. Zoti "mnzanga anapita chaka chatha sanamufunse kanthu" si yankho.

Gulu lomwe limagwira njakata kwambiri ndi la anthu amene khadi lawo latha, latsopano silinatuluke, ali ndi kapepala kongodikirira. Mapepala odikirirawa sali ofanana. Ku Germany amapereka Fiktionsbescheinigung, ndipo pamakhala timabokosi tosonyeza ndime ya lamulo. Ngati achonga pa § 81 Abs. 4, chilolezo chanu chakale chikuonedwa ngati chikupitirira, mutha kutuluka ndi kubwerera. Ngati achonga pa Abs. 3, mukuloledwa kukhala m'dzikomo basi, mukatuluka simulowanso ndi pepalalo. Ku France pepala lodikirirali limatchedwa récépissé, ndipo ya munthu amene akupempha khadi koyamba siyimubwezanso m'dziko, pomwe ya munthu wongowonjezera nthawi imagwira ntchito akaitenga limodzi ndi khadi lakale. Ngati muli m'gulu limeneli, lemberani ofesi ya ophunzira akunja pa yunivesite yanu usiku womwewo. Akapanda kuyankha basi isananyamuke, ulendo uno ukupiteni. Ine pamenepa sindinyengerera munthu. Prague sathawa, adzakhala pomwepo mwezi wamawa.

Amene akuphunzira ku Britain, nkhani ndi yowawa pang'ono. Sitima ya Eurostar imafika ku Paris kuchokera ku London m'maola awiri ndi mphindi zochepa, koma viza ya sukulu ya ku Britain sikulowetsani ku France. Ngati pasipoti yanu imafuna viza ya Schengen, lamulo limapatsa ofesi masiku 15 oti iyankhe, nthawi zina mpaka 45, osawerengera nthawi yodikira tsiku lokapereka mafomu. Ulendo wodzidzimutsa ungatheke pokhapokha munatengeratu viza yolowera kangapo. Ndipo chenjerani ndi msewu wa Belfast kupita ku Dublin. Ndi maola awiri pa basi, palibe chipata, palibe msilikali, munthu sazindikira n'komwe kuti wadutsa malire. Koma ufulu woyenda momasuka pakati pa mayiko awiriwa ndi wa nzika za Britain ndi Ireland. Ngati pasipoti yanu imafuna viza ya Ireland, kusowa kwa chipata sikukukhululukirani, ndipo apolisi a ku Ireland nthawi zina amaimitsa mabasi n'kufunsa mapepala.

Ku America wophunzira wa viza ya F-1 ayang'ane fomu yake ya I-20, patsamba lomwe a ofesi ya ophunzira akunja amasaina kuti atha kuyenda. Siginecha imeneyi imakhala ndi mphamvu miyezi 12. Pali lamulo lotchedwa automatic visa revalidation lomwe limalola wophunzira kubwerera kuchokera ku Canada kapena Mexico ngakhale viza ya m'pasipoti itatha, bola ulendo usapitirire masiku 30 ndipo asapemphe viza yatsopano ali kumeneko. Lili ndi zoletsa zina, choncho funsani ku ofesi musanalidalire. Lamuloli ndi lobwererera chabe. Canada ili ndi viza yake. Ngakhale kuwoloka wapansi pa Rainbow Bridge ku Niagara Falls kuti mukajambule mathithi mbali inayo, ndi kutuluka m'dziko kwathunthu.

Chachiwiri: sankhani pafupi

Mapepala akakhala bwino, ikani maganizo anu pagulupo msanga anthu asanakopeke ndi malo akutali. Wikendi ili ndi mausiku awiri okha. Ulendo wopitirira maola anayi kapena asanu mbali imodzi umasandutsa Loweruka tsiku lopumula kutopa kwa Lachisanu. Malo okoma a ulendo wotere nthawi zambiri ali pakhomo pomwepa. Vienna ndi Bratislava ndi ola limodzi pa sitima. Copenhagen ndi Malmö ndi mphindi pafupifupi 40 kudzera pa mlatho wa Øresund womwe unatsegulidwa mu 2000. Kuchokera ku Strasbourg, tramu ya mumzinda imawoloka mtsinje wa Rhine n'kukakutulani ku Kehl, ku Germany. Munich ndi Salzburg ndi maola osakwana awiri, ndipo Deutschlandticket, tikiti ya pamwezi ya mabasi ndi sitima yomwe ophunzira ambiri ku Germany ali nayo kale, imagwira ntchito mpaka ku Salzburg pa sitima za m'chigawo, osati pa zothamanga zija.

Chachitatu: gulani tikiti yobwerera musanagule yopita

Lachisanu anthu amanyamuka nthawi zosiyanasiyana, koma Lamlungu madzulo aliyense akubwerera. Mipando ya nthawi imeneyo ndiyo imayamba kutha ndi kukwera mtengo. Tsegulani tsamba la basi kapena sitima, pezani mpando wa Lamlungu, lipirani, kenako muone za Lachisanu. Ndipo musagule basi kapena sitima yomaliza ya tsikulo. Gulani ya masana kapena yakumadzulo ndithu, kuti ikakusiyani kapena akaichotsa, kumbuyo kwake kukhale ina.

Dzina la pa tikiti lifanane ndi la m'pasipoti, chilembo ndi chilembo. Ngati mnzanu ndiye akugulira gulu lonse, mutumizireni dzina lolembedwa, asalembe lomwe amakuitanirani ku kalasi.

Za ndege zotchipa, werengerani ulendo wonse osati mtengo wa pa tsamba loyamba. Mabwalo ena ali kutali kwambiri ndi mzinda womwe dzina lake limatchulidwa: Beauvais ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Paris, Hahn ili pa makilomita oposa 100 kuchokera ku Frankfurt. Muwonjezere basi yopita kumeneko, ndalama ya chikwama, ndi maola awiri odikira pabwalo. Makampani ena amafunanso kuti amene si nzika za ku Ulaya akaonetse kaye mapepala pa kauntala asanalowe m'kati. Nthawi zambiri mukawerengera zonse, basi yapambana.

Basi ya usiku imakopa chifukwa imapulumutsa ndalama ya malo ogona. Popita ndi yabwino ngati thupi lanu limagona chokhala. Pobwerera Lamlungu usiku, muli ndi kalasi ya 8 koloko Lolemba, ndi chilango chodzipatsa nokha.

Kanthu kakang'ono komwe kamasiyitsa anthu basi: nthawi. Portugal ili kumbuyo kwa Spain ndi ola limodzi, Britain kumbuyo kwa France chimodzimodzi. Ku Ulaya mawotchi amasinthanso Lamlungu lomaliza la March ndi lomaliza la October, usiku wa Loweruka kuchera Lamlungu, womwe ndi usiku weniweni wa ulendo wanu.

Chachinayi: pogona, ndalama, foni

Pezani pogona musananyamuke, ngakhale bedi limodzi m'chipinda cha anthu asanu ndi atatu pa hositelo. Mawu oti "tikaona komweko" amakoma m'chilimwe masana, osati 11 koloko usiku mu December muli pa siteshoni yomwe akutseka. Onani nthawi yomwe amasiya kulandira alendo, ndipo ngati mufika mochedwa alembereni. Mizinda yambiri imalipiritsa msonkho wa alendo pa usiku uliwonse, womwe nthawi zina sukhala pa mtengo wa pa intaneti.

Nkhani ya ndalama muikambe Lachinayi lomwelo, poyera. Pagulu pamakhala wina amene makolo ake amamutumizira mwezi ndi mwezi, wina amene akudalira sikolashipu yomwe imabwera mochedwa, wina wa maganyu a usiku. Nenani malire anu popanda manyazi: "Ine ndili ndi zakutizakuti, za lesitilanti yodula mundichotsemo." Amene walipirira gulu abwezeredwe tsiku lomwelo. Ngongole za paulendo zimadanitsa anthu mpaka semesita yonse.

Musaganize kuti Ulaya yense amagwiritsa ntchito euro. Switzerland ili ndi franc, Czechia koruna, Poland złoty, Hungary forint, Denmark ndi Sweden lililonse lili ndi ndalama yake. Mukamalipira ndi khadi kapena kutapa pa ATM, makina akakufunsani ngati mukufuna kulipira mu ndalama ya konko kapena ya khadi lanu, sankhani ya konko. Mukasankha inayo, mwini makinawo ndiye amaika mtengo wosinthira, ndipo saika wokomera inu. Tapani ndalama pang'ono za m'manja. Ku Sweden mutha kutha wikendi osagwira ndalama ya pepala, koma ku Germany ndi ku Austria mukadali timalo tambiri tomwe timakana khadi.

Kuyambira June 2017, simu khadi ya dziko la mu European Union imagwira ntchito m'mayiko enawo pa mtengo wa kwawo, kuphatikizapo Norway, Iceland ndi Liechtenstein. Switzerland mulibemo. Basi ikangodutsa m'mbali mwa dzikolo foni imatha kulumphira pa netiweki yawo n'kuyamba kudya ndalama inu muli mtulo. Ngati njira yanu ikudutsa kumeneko, zimitsani data. Mapu a mzinda muwatsitsiretu pa Wi-Fi ya kunyumba, matikiti muwajambule akhale m'zithunzi, adiresi ya pogona muilembe papepala. Pawa banki ikhale yodzadza, chifukwa foni ndiyo tikiti, ndiyo mapu, ndiyo njira yopezera anzanu.

Inshulansi ya chipatala muione mphindi ziwiri zokha. Wophunzira amene ali pa inshulansi ya boma m'dziko la mu European Union amakhala ndi khadi la chipatala lotchedwa EHIC lomwe limagwira ntchito m'mayiko enawo. Koma ngati si nzika ya mu European Union, khadilo silimuthandiza ku Denmark, Norway, Iceland, Liechtenstein ndi Switzerland. Kopita kukakhala kumeneko, inshulansi ya masiku atatu imagulidwa pa intaneti ndipo siyodula poyerekeza ndi bilu ya chipatala cha ku Zürich. Nambala yangozi ku Ulaya konse ndi 112.

Chachisanu: tsekani za sukulu

Asainimenti ya Lolemba itumizeni musananyamuke. Laputopu yomwe mwainyamula kuti "ndikamalizira m'basi" imabwerera osatsegulidwa. Kujomba kalasi ya Lachisanu kuonekenso ndi diso la viza: m'mayiko ngati Britain yunivesite imayenera kusunga kaundula wa ophunzira akunja amene akubwera m'kalasi. Ngati muli pa sikolashipu, werengani mgwirizano wanu, chifukwa ena amafuna kuwadziwitsa mukamatuluka m'dziko. Ndipo uzani munthu mmodzi amene sakupita nawo: komwe mukupita, komwe mukagone, nthawi yomwe mubwere.

Chikwama chikhale chimodzi, chapamsana. Zovala za masiku awiri, jekete, nsapato zoyendera, chaja, mankhwala anu ali m'paketi yake yochokera ku famase. Zina zonse ndi katundu wongolemetsa.

Pamalire

M'kati mwa Schengen nthawi zambiri mumangoona chikwangwani cha buluu chokhala ndi nyenyezi, chilankhulo cha m'zikwangwani chasintha, basi. Koma mayiko ali ndi ufulu wobwezeretsa chipikisheni kwa kanthawi, ndipo ambiri akuchita zimenezi. Germany inayamba kufufuza m'malire ake onse a pamtunda mu September 2024. Zimachitika chonchi: basi imapatukira pambali pakati pa usiku, magetsi am'kati amayaka, apolisi awiri amalowa, wina kutsogolo wina kumbuyo, aliyense akupisa m'thumba maso ali ndi tulo. Tinene zoona, munthu wakhungu lakuda kawirikawiri ndiye amayamba kufunsidwa ndi kuchedwetsedwa. Zimapweteka, koma pamenepo si pokanganira. Pasipoti ndi khadi zikhale m'thumba la m'kati mwa jekete, osati m'chikwama chomwe chili kunsi kwa basi.

Tengani zonse ziwiri, zenizeni. Khadi lokhalira popanda pasipoti lili ngati chivindikiro chopanda mphika. Chithunzi cha pasipoti cha pa foni sichiwerengedwa, khadi la sukulu ngakhalenso laisensi yoyendetsera galimoto sizilowa m'malo mwake. Makampani a mabasi odutsa malire amathanso kukukanizani kukwera ngati mulibe pasipoti. Akakufunsani yankhani mwachidule ndi moona: ndine wophunzira ku mzinda wakuti, ndikupita kukacheza, ndibwerera Lamlungu, tikiti nayi. Tikiti yobwerera ija munayamba kugula imagwiranso ntchito apa.

Musanyamulire munthu aliyense phukusi, ngakhale akudandaulireni bwanji pa depoti. Ndipo zomwe zimaloledwa tsidya lina sizidutsa nanu malire. Chamba chomwe chimagulitsidwa poyera m'malo ena ku Amsterdam, mukachitulutsa m'dzikomo ndi mlandu. Mnzanu amene ndi nzika atha kulipira chindapusa n'kupita kwawo. Inu mlandu womwewo ungadzatulukenso tsiku lokawonjezera khadi lanu.

Mukafika

Sankhani zinthu ziwiri zokha zoti muone Loweruka, nthawi yotsalayo muyende wapansi. Gulu la anthu asanu silingagwirizane pa chilichonse, ndiye ndi bwino kupatukana masana n'kupangana malo ndi nthawi yokumana, malo oti munthu atha kuwapeza ngakhale foni itazima.

Tikiti ya tramu kapena basi ya mumzinda, m'malo ambiri kugula kokha sikukwanira. Ku Prague, Vienna ndi Budapest tikiti ya pepala imayenera kudindidwa m'kamakina kapakhomo musanakwere kapena mukangokwera, ndipo ku Italy zilinso chimodzimodzi ndi matikiti a pepala a sitima za m'chigawo. Oyendera matikiti samva zoti ndinu mlendo. Ku Germany ndi ku Austria masitolo ambiri amatseka Lamlungu, ndiye madzi ndi kamba wa pobwerera mugule Loweruka, apo ayi mukagula modula pa siteshoni.

Loweruka usiku sangalalani, koma alamu ya Lamlungu muitchere musanatuluke. Fikani pa depoti kutatsala mphindi 30, chifukwa m'mizinda yaikulu malo okwerera mabasi akutali amakhala ambiri, ndipo komwe munatsikira Lachisanu si nthawi zonse komwe mukwerere. Ngati wina pagulu sakudzuka kapena akuti "tikwera ya usiku", inu kwerani yanu.

Pasipoti ikatayika

Pitani ku polisi ya komweko tsiku lomwelo mukatenge lipoti lolembedwa, chifukwa palibe ofesi yomwe ingakuthandizeni popanda pepala limeneli. Apa m'pomwe zithunzi za pasipoti ndi khadi, zomwe munazitumiza ku imelo yanu musananyamuke, zimagwira ntchito: sizikudutsitsani malire, koma zimapatsa apolisi ndi a kazembe manambala oyambira. Ofesi za akazembe sizitsegula Loweruka ndi Lamlungu, ndipo mayiko ambiri alibe kazembe m'dziko lililonse. Ofesi imodzi imatha kuyang'anira mayiko angapo, choncho yoyang'anira komwe muliko itha kukhala mumzinda wa dziko lachitatu. Fufuziranitu kuti ndi iti, nambala yake muisunge. Musayese kuzemba pokwera basi opanda mapepala n'chiyembekezo choti sakufunsani. Funsani apolisi omwe akulemberani lipoti kuti mungabwerere bwanji, wonjezerani usiku umodzi pa hositelo, ndipo lemberani ofesi ya ophunzira akunja ndi alekichala a kalasi ya Lolemba usiku womwewo, lipoti la polisi mutalijambula n'kuliphatikiza pa imelo.